DT125 yakale: yofufuzira mbuzi inde, ya kabaza ayi

Funso: Ndimakhala ku Ngabu, ndimagula mbuzi m'midzi n'kumagulitsa kwa eni mabutchala. Mlangizi wina wopuma pantchito akugulitsa njinga yake yamoto yakale, Yamaha DT125, pamtengo wotsikirapo kusiyana ndi njinga zatsopano. Ndikufuna ndiziyendera pofufuza mbuzi, masiku ena mnyamata wanga azichitira kabaza wopita ku Nchalo ndi ku Bangula. Ndigule?

Yankho: Bambo, mwatchula ntchito ziwiri, koma njinga imeneyi ingakwanitse bwino imodzi yokha. Chifukwa chake chili m'kati mwa injini, ndiye tiyambire momwemo.

A Yamaha a ku Japan anayamba kutulutsa DT125 mu 1974, ndipo anaipangira misewu yafumbi. Injini yake ndi ya two-stroke, ya 123cc, yozizira ndi mphepo. Pisitoni ikangokwera n'kutsika kamodzi, moto waphulika kale, pamene pa Boxer kapena Lifo, zomwe ndi za four-stroke, imayenera kukwera n'kutsika kawiri. N'chifukwa chake DT imadumpha mukangopotoza dzanja ngakhale injini ndi yaing'ono. Ilibe mavalavu a pamwamba pa silinda ngati a four-stroke, kapena tcheni cha m'kati choyendetsa mavalavuwo. Mafuta amalowa ndipo utsi umatuluka kudzera m'timabowo ta m'khoma la silinda, timene pisitoni yomweyo imatsegula ndi kutseka. Zitsulo n'zochepa, njinga yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 100. Onjezanipo tayala lalikulu lakutsogolo ndi ekizozi yokwezeka m'mwamba, muona chifukwa chake alangizi ankaikonda. Mumchenga wa mumtsinje wouma, m'matope a m'dambo mvula ikagwa, imadutsa, ndipo ikatitimira munthu mmodzi amaitukula yekha. Pa ntchito yanu ya mbuzi, yolowa m'tinjira topita m'makola, njingayi ndi yoyenera ndithu.

Mapangidwe omwewo ndi amene amadya ndalama. Pa nthawi imene mafuta atsopano akulowa, bowo lotulutsira utsi limakhala lidakali lotseguka, ndiye petulo wina amathawira ku ekizozi asanapse. Kachiwiri, injiniyi ilibe posungira oyilo wozungulira ngati four-stroke. Oyilo wake, uja wolembedwa 2T, amapsa limodzi ndi petulo, ndiye utsi wabuluu umene mumauona kumbuyo. Pa Boxer mumasintha oyilo pakapita nthawi. Pa DT mumagula oyilo malinga ndi makilomita amene mwayenda. Kabaza ndi bizinesi ya phindu lochepa pa ulendo uliwonse, ndipo pa siteji mtengo wa ku Nchalo ndi umodzi. Wokwera sawonjezera ndalama chifukwa choti njinga yanu imamwa kwambiri. Mtengo wa petulo amaika ndi a MERA, inu mulibe nawo mawu. Komanso mpando wa DT ndi waufupi ndiponso wokwera: mayi wobereka mwana, ali ndi thumba la mapira, adzalozera njinga ya mnzanu.

Ndiye pali kutentha kwathu kuno ku chigwa. Mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40. Mnyamata akanyamula anthu awiri n'kuikoka mosapumira pa tala wa M1, pisitoni imafufuma n'kugwira m'silinda, ulendo wathera pomwepo. Ndipo tinene zoona, mnyamata wopatsidwa chandamale cha ndalama za patsiku akapanikizika amayamba kuumira oyilo, kapena kuthira wotchipa aliyense amene wamupeza. Four-stroke imapirira nkhanza zotere kwa kanthawi. Two-stroke sipirira.

Ngati mwatsimikiza kuigula kuti muziyendera nokha, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Mukafike m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa matenda. Kiki ikamatsika mopepuka, maring'i a pisitoni atha. Funsani kuti silinda anaibowa kangati, popeza masaizi a pisitoni ali ndi malire, akatha mudzafunika silinda ina. Onaninso kapampu ka oyilo kamene a Yamaha amakatcha Autolube. Ambiri anakachotsa n'kumasakaniza okha m'thanki. Si mlandu, bola muyezo uzikhala umodzi, mamililita 25 mpaka 30 a 2T pa lita imodzi ya petulo, osati kungothira mwa diso. Siponji yosefa mpweya ikakhala yong'ambika kapena youma, dziwani kuti fumbi la kuno lakhala likupala silinda.

Funso limene ogula ambiri amaiwala ndi la madzi. Njingayi inali kuti nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, kapena Freddy mu Malichi 2023? Pa two-stroke, mabering'i a kulanki, chitsulo cha pansi pa injini chimene pisitoni imachizungulitsa, amangodalira kankhungu ka oyilo, ndiye madzi akalowa n'kugonamo masiku angapo, dzimbiri limagwira. Njinga imalira bwinobwino poyamba, kenaka kulanki imayamba kugogoda mutalipira kale. Makaniko amvetsere phokoso la pansi pa injini, agwedezenso maginito aone ngati ikusewera.

Za mapepala, bulubuku ikhale m'dzina la wogulitsayo, manambala a injini ndi tchesisi agwirizane ndi olembedwamo. Ngati inali ya boma kapena ya bungwe, aonetse kalata yoti anaigula. Mukatero mukasinthe umwini ku Road Traffic, mudule inshuwalansi, mukhale ndi laisensi ndi helemeti.

Pa mtengo, musayerekeze ndi njinga yatsopano ayi. Makaniko akulembereni mtengo wa pisitoni, maring'i, kubowa, masilu a kulanki, tcheni ndi masipuloketi, afunse ku mashopu a ku Limbe kapena ku Blantyre ngati zilipo lero, osati "zibwera". Ndalama imeneyo muichotse pa mtengo umene mlangiziyo akufuna, yotsalayo ndiyo mumuuze. Mupemphenso kuti muiyese: dzadzani thanki, pitani ku Bangula n'kubwerera, dzadzaninso, muone malita amene yamwa. Gawani ndalama ya petulo ndi oyiloyo ndi chiwerengero cha mbuzi zimene mumapeza pa ulendo umodzi. Ikapitirira imene mumalipira a kabaza panopa pa mbuzi imodzi, mpamba wanu ukhalebe m'mbuzi.

Za mnyamatayo, ayambe wasunga ku banki m'khonde kufikira ndalama itakwana four-stroke, ngakhale yogwirapo kale ntchito.