Kachitsulo kolowa m'malo mwa fupa la m'khutu

Mayi wina wandilembera imelo kuti khutu lawo lakumanzere lakhala likutuluka mafinya kuyambira ali mwana, ndipo pano mawu amangomveka chapatali. Dokotala wawauza za opaleshoni yoika kachitsulo m'khutumo. Akufunsa ngati imeneyi ndi cochlear implant ija, chipangizo chamagetsi chothandiza kumva chimene amaika mkati mwa khutu, komanso ngati adzamvanso ngati kale.

Mayi, si imeneyo ayi. Cochlear implant ndi ya anthu amene khutu linawonongeka mkati mwenimweni. Mmene mwafotokozeramu, vuto lanu lili chapakati. Kuseri kwa mwinikhutu kuli timafupa titatu tolumikizana, malleus, incus ndi stapes. Kotsirizaka n'kakang'ono kuposa fupa lililonse m'thupi, pafupifupi mamilimita 3 basi. Mawu akagunda mwinikhutu, timafupati timanjenjemera n'kuwapititsa mkati. Matenda a mafinya akakhalitsa amadya timafupati, ndipo kawirikawiri kamayamba kutha ndi ka incus. Apo ndiye kuti mlatho waduka.

Dokotala amalumikiza podukapo ndi kachidutswa ka chitsulo cha titanium kapena ka hydroxyapatite (chinthu cholimba chofanana ndi fupa), kopanda batire kapena waya. Ngati stapes ilipo yonse amaika kafupi, kotchedwa PORP. Ngati langotsala tsinde lake amaika katali, TORP. Pamwamba pa ka titanium amayalapo kachichereŵechereŵe kochokera ku khutu lanu lomwe, kuopa kuti kangadzaboole mwinikhutu n'kutuluka.

Mukamva anthu akuyamikira kuti anachira kwambiri, ambiri amakhala a otosclerosis, matenda amene stapes imangouma osagwederanso. Opaleshoni yawo, imene dokotala John Shea anachita mu 1956 poika kachidutswa ka pulasitiki ya Teflon, imayenda bwino chifukwa khutu limakhala lopanda mafinya. Lanu n'losiyana, ndipo sindingakulonjezeni kuti mudzamva ngati kale. Ambiri amamvako bwino, koma kachidutswako kamatha kusuntha pakapita zaka.

Kwa ine chachikulu n'chakuti khutulo liyambe lauma. Ngati muli ndi cholesteatoma, chotupa cha khungu chimene chimadya fupa, amayamba achotsa chimenecho, ndipo nthawi zina kachitsuloko amadzaika pa opaleshoni yachiwiri patapita miyezi. Funsaninso zotsatira za kuyeza kuja amakuikani kachipangizo pa fupa la kuseri kwa khutu, chifukwa n'kumene kumasonyeza ngati mkati mukugwira ntchito. Khutu likakana kuuma, pali chipangizo chomangirira pa fupa lomwelo, chimene anayamba kuika mu 1977 ku Gothenburg m'dziko la Sweden, chopititsa mawu mkati osadzera pakati powonongekapo.

Mukachitidwa opaleshoniyo musadandaule milungu yoyamba, khutu limamveka lotsekeka chifukwa cha zimene amatsekeramo ndiponso kutupa. Musamine mwamphamvu, ndipo madzi asalowemo mpaka dokotala atakuuzani.