Chifefe chotchipa ndi diso langa lamanzere

Kalata yanu, achimwene a ku Matawale, inandipeza Lachiwiri usiku. Mukuti mwasunga kandalama, mukufuna kugula chifefe chotchipa cha 12 gauge (muyezo wa kukula kwa mpaipi) n'kuchikonzakonza kuti mudzalowe nacho mipikisano yowombera timbale toponyedwa m'mwamba ndi makina, ndiye mukufunsa kuti muyambe kugula chiyani, ma choke atsopano (tizitsulo tolowetsa kunsonga kwa mpaipi kuti machaka azituluka othinana kapena omwazika) kapena kachitsulo kowala ka kunsonga kuja. Ndinaiwerenga kawiri, tulo tonse balala. Funso lanuli ndi lomwe linandidyera ndalama ine.

Mfuti ndinayamba kuiona kwa malume anga cha ku Domasi, mmunsi mwa phiri, kumene anyani amatsika chimanga chikangoyamba kukhwima. Anali ndi chifefe cha mpaipi umodzi, thako lake lomangidwa ndi waya chifukwa linang'aluka kalekale. Ife ana sankatilola ngakhale kuchiloza ndi chala. Akabwera kumunda ankachithyola pakati, kutulutsa machaka, kusuzumira mumpaipi, ndiye kenako n'kupempha madzi akumwa. Madzi ankabwera pambuyo pa mfuti, tsiku lililonse. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi nkhanza za akuluakulu.

Timbale ndinakationa ku Joni. Bwana amene ndinkamugwirira ntchito ku Johannesburg ankapita kokawombera Loweruka lililonse, ine ntchito yanga inali yonyamula zikwama. Tsiku lina anandipatsa mfuti yake yakale, Baikal ya mipaipi iwiri yosanjikizana, nati ndiyese. Pa timbale 25 ndinaswa 3. Koma kamodzi mwa atatuwo kanasanduka fumbi lenileni mlengalenga, phwa! ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga sunabwererenso. Mfutiyo inali m'dzina la bwanayo, ankangondibwereka pabwalo pomwepo iye ali pambali, koma ine ndinkaiona ngati yanga.

Tsono Baikal, kwa amene simunaigwirepo, ndi mfuti ya ku Russia, imapangidwa ku Izhevsk, yolimba ngati mpini wa khasu komanso yopanda maonekedwe ngati mpini womwewo. Pambali panga pankaima azibambo a ma Beretta ndi ma Perazzi a ku Italy, matabwa ake onyezimira ngati tebulo la kwa abusa. Manyazi anandigwira. Ndinayamba kugula zinthu. Ma choke otulukira kunja aja, amitundumitundu. Kachitsulo kofiira kowala ka kunsonga. Labala yatsopano ya paphewa. Vesiti ya matumba ambiri. Ndalama yoti ndikanatumiza kumudzi kuti agule malata inathera pamenepo, ndipo mayi a kunyumba mpaka lero akafuna kundikhazika chete amangoti, "Paja malata aja anauluka ndi timbale." Miyezi inayi ikutha ndinali pa 9, mwina 10 tsiku labwino.

Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wa Chibunu amene ankangokhala pabenchi akumwa khofi. Anandiitana ndi chala. Anati nditsegule maso onse awiri, ndiloze nsonga ya mtengo wa magetsi umene unali chapatali, kenako nditsinzine diso lamanzere. Chala changa chinadumpha, chinachoka pamtengo paja. Nditatsinzina lamanja, chala chili pomwepo, nji. Mdalayo anangoseka. Ine ndimagwira mfuti kudzanja lamanja, koma diso lolamula ndi lamanzere, ndiye kwa miyezi inayi yonse mpaipi unkaloza kumbali kwa pamene ine ndinkaganiza kuti ukuloza. Anang'amba kachidutswa ka selotepi kochepa ngati chikhadabo, n'kukamata pagalasi lamanzere la magalasi anga, pamene pamayang'ana mwana wa diso ndikaika tsaya pamfuti. Tsiku lomwelo ndinaswa 16.

Selotepi, abale. Ya kugolosale.

Ndiye ndikamva munthu akufunsa kuti agule chiyani, ndimakwiya pang'ono, osati ndi inu achimwene, koma ndi kamtima kathu aka kofuna kuoneka tisanadziwe. Timagula nsapato za mpira zodula tisanaphunzire kuimitsa mpira. Ndinene mosapsatira: chifefe chotchipa chimene chikukukwanani chimaposa chodula chimene sichikukukwanani, ndipo amene angakuuzeni zina ndiye kuti ali ndi katundu woti akugulitseni. Sindikunyoza Beretta ayi. Anthu amenewo akhala akusula zitsulo za mfuti kuyambira 1526, ndipo mfuti zawo zimapirira machaka ochuluka kwa zaka zambiri osagwedera, n'chifukwa chake akatswiri amazikonda. Vincent Hancock wa ku America, amene anatenga golide wa skeet (mpikisano umene timbale timadutsa kuchokera mbali ziwiri) ku Olympics mu 2008, 2012, ku Tokyo, komanso ku Paris mu 2024, amawombera tsiku ndi tsiku, mfuti yotchipa singapirire moyo wotero. Koma inu ndi ine, bokosi limodzi la machaka timaliwerengera ngati thumba la feteleza. Baikal, kapena za ku Turkey monga Yildiz ndi Huglu, zidzatikalambitsa zisanathe.

Chifefe sichili ngati mfuti ya asilikali a ku Cobbe Barracks yoti uchite kutsinzina n'kulinganiza tizitsulo tiwiri. Chilibe chopenyera cha kumbuyo. Diso lako ndiye chopenyeracho. Ngati tsaya likukhala motsika, machaka amapita pansi. Likakhala pamwamba kwambiri, amapitirira. N'chifukwa chake kachitsulo kowala kaja ndimakada. Kamakukoka diso kuti uziyang'ana mpaipi, pamene kambale kakuthawa pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ndipo kambaleko ndi kakang'ono, mamilimita 110 okha m'mimba mwake. Azungu amakatcha ka dothi, koma ayi ndithu, amakapanga ndi phula losakaniza ndi ufa wa miyala ya laimu. Ukangochotsa diso pa iko, kapita.

Zimenezi alenje a mbalame a ku nyanja ya Chilwa amazidziwa bwino kuposa ife ovala mavesiti. Ndinachezapo ndi mkulu wina ku Kachulu, ndikudikira bwato, ndipo ndikumufotokozera za masewerawa anandidula pakamwa: bakha sumuwombera pamene ali, umawombera pamene akupita. Basi, phunziro lonse la skeet limene anthu amalipira ndalama zambiri ku Ulaya, iye analinena ataimirira m'matope. Komatu musamve ngati ndikuti mukaphunzirire pa mbalame za ku Chilwa. Nyanja ija inalowa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar, ndipo mbalamezo zavutika kale mokwanira. Ife zathu ndi timbale.

Chinanso, poti ndafika kale pokalipa. M'kalata yanu yonse simunatchule chilolezo. Kuno kwathu mfuti siigulidwa ngati njinga ya kabaza. Pali lamulo la mfuti, ndipo chilolezo chimachokera ku polisi. Mumayambira pamenepo ndalama isanatuluke m'thumba. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi chifefe cha malemu agogo ake, chopanda mapepala, mtengo wabwino, muthaweni. Gogodera ndiye musaiganizire n'komwe, paipi yosula kuseri kwa nyumba ikhoza kukuphulikirani kumaso. Ndipo malo osungira akhale a chitsulo, okiyidwa, machaka kwina mfuti kwina. Pabwalo lililonse la mpikisano munthu amayenda mfuti ili yothyola, yopanda kanthu mkati. Malume aja ndinawamvetsa ndili ndi zaka zoposa 30.

Tsono zoti muchite

Yesani diso kaye, lero lomwe, ndi chala. Gulani ya mipaipi iwiri yosanjikizana, ya mainchesi 28 kapena 30, ya ma choke omasula, ndipo amene abwera nayo m'bokosi akukwanirani: otseguka, a skeet kapena improved cylinder, pa timbale tapafupi, othinana, modified ndi full, pa trap, mpikisano umene mumaima mamita 15 kumbuyo kwa dzenje la makina ndipo kambale kamathawira kutsogolo. Mukaiika paphewa, pakati pa mphuno ndi chala chachikulu pazitsala malo a zala ziwiri. Ikafupika onjezerani labala, tsaya likatsika matani kachikopa kapena katoni pamwamba pa thako. Pabwalo lowomberera khomani chipepala chachikulu, jambulani kadontho, womberani kangapo muone kumene machaka akuunjikana. Machaka gulani a magalamu 24, ndiwo amene malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, amalola, a saizi nambala 7.5 pa trap ndi 9 pa skeet. Samenyanso phewa kwambiri. Zotseka m'makutu ndi magalasi musanyengerere. Ndalama yotsala yonse ipite ku machaka ndi timbale.

Chimene ndimachita ine masiku ano sichidya ngakhale tambala. Magetsi akathima, zimene kuno ku Chinamwali si zachilendo, ndimatulutsa mfuti, kuithyola, kusuzumira m'mipaipi monse muwiri monga ankachitira malume, kenako ndimalowetsa katochi kakang'ono kunsonga. Ndimaima pabalaza, kuikweza kufika patsaya pang'onopang'ono, kuwala kuja kukutsata mzere umene khoma limakumana ndi siling'i, kuchokera pakona iyi kukafika pakona iyo. Kukagwedera ndiye kuti manja anga ndi amene akugwedera. Kakhumi kupita kumanja, kakhumi kumanzere, mikono imayamba kuwotcha. Mayi a kunyumba amakhala pampando akusenda mbatata mumdima, osanena kanthu, mpaka atatopa n'kundiuza kuti tochiyo akuifuna kukhitchini.