Tifunseni: kodi ku laibulale kuli chani cha ife akuluakulu?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya mapulogalamu a anthu akuluakulu ku laibulale, nde ndasankhapo angapo. Mayina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Achemwali, ine ndi mayi wa zaka 54. Mwana wanga wamkazi akungondikakamiza kuti ndizipita ku laibulale akuti kuli maphunziro a kompyuta a anthu akuluakulu, koma ine mtima sukundilola, laibulale ndimaidziwa ngati malo a ana asukulu owerengera mayeso, nde ine ndikakhale pakati pa ana ndisakudziwa ndi poyatsira pomwe? Zoona kumakhala zinthu za anthu ngati ife? Mayi wamanyazi.

YANKHO: Mayi, mwanayo sakukunamizani ayi, pitani ndithu. Ganizo loti laibulale ndi ya ana asukulu linafala chifukwa ndi iwowo amadzaza mipando nthawi ya mayeso, koma kuyambira kale malaibulale a anthu onse ankaganizira kwambiri munthu wamkulu, uja anasiya sukulu kalekale koma akufunabe kudziwa zinthu. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, litatulutsa chikalata chake choyamba chonena za malaibulale oterewa mu 1949 linati laibulale ndi yunivesite ya anthu wamba, ndipo pomwe ankachikonzanso mu 1994 limodzi ndi IFLA, bungwe losonkhanitsa a malaibulale padziko lonse, analembamo poyera kuti munthu asasalidwe chifukwa cha zaka zake, mtundu, chipembedzo, chilankhulo kaya kusauka. Nde zaka 54 zanuzo si chifukwa chokhalira pakhomo.

Za kompyutazo ndikuuzeni mmene zimakhalira kuti mantha achepe. Kalasi ya oyamba kumene nthawi zambiri imakhala ya anthu ochepa, ndipo mukapezamo amsinkhu wanu, ena okuposani. Tsiku loyamba ndi kuyatsa, kuzimitsa, ndi kugwira mawusi basi. Mawusiyo ndi imene imasautsa aliyense poyamba, dzanja limauma, munthu umaifinya ngati ithawa, kamuvi ka pa sikirini kali uko iwe ukufuna kuno, ukafika nayo kumapeto kwa tebulo waima osadziwa kuti utha kungoinyamula nkuibweza pakati. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake sakulandani mawusi kuti akuchitireni, amaika manja kumbuyo nkumakuuzani pang'onopang'ono mpaka mudine nokha, ndipo mukaona kuti akungokuchitirani zonse muwauze mwaulemu kuti pepani, ndisiyeni ndiyese ndekha.

Chimene ndikupempheni kwambiri nchakuti mupite ndi chinthu chimodzi chimene mukuchifunadi. Munthu wamkulu saphunzira bwino ndi zongoloweza, amagwira msanga chinthu choti akachigwiritse ntchito mawa lomwe. Kaya ndi kutumiza imelo kwa m'bale wanu ali kutali, kaya kudzaza fomu ya pa intaneti, kaya kusunga zithunzi za adzukulu kuti zisatayike foni ikawonongeka, kapena kuzindikira mauthenga a akuba aja oti mwawina mphoto pa mpikisano umene simunalowe nkomwe, nenani zimenezo tsiku loyamba lomwelo. Tengani kakope muzilembamo zochita m'mawu anuanu, ndipo foni yanu musaisiye, malaibulale ambiri amathandizanso za foni. Pasiwedi yokha musauze munthu, olo mphunzitsiyo, ndipo mukamaliza pa kompyuta ya gulu muzituluka mu imelo yanu musanadzuke pampando chifukwa pabweranso wina.

Kupatula kompyuta kumakhala magulu owerenga mabuku, kuthandiza ofuna ntchito kulemba CV, zokambirana za umoyo ndi kasamalidwe ka ndalama, kuphunzira zilankhulo, kwina mpaka kuluka ndi kusoka. Zimatengera kukula kwa laibulaleyo, nde mukafika funsani pa desiki akupatseni ndandanda ya mwezi uno.

FUNSO: Kodi zimenezi nzolipira? Ndipo mpaka ndikhale ndi khadi ya umembala? Wosunga khobidi.

YANKHO: Chikalata cha 1994 chija chimati laibulale ya anthu onse iyenera kukhala yaulere, ndipo mfundo imeneyi anaisunga atachikonzanso mu 2022. Mapulogalamu ambiri a akuluakulu amakhaladi aulere, kungoti ena amalipiritsa kangachepe pa zinthu monga kusindikiza mapepala kapena zipangizo zogwiritsa ntchito m'kalasi. Khadi imafunika kwambiri pobwereka buku kupita nalo kunyumba, kukamvera zokambirana kawirikawiri safuna khadi. Chimene mufunse msanga ndi kulembetsa, chifukwa kalasi ya kompyuta imatengera kuchuluka kwa makinawo ndipo malo sachedwa kutha.

FUNSO: Achemwali ndithandizeni. Bambo anga ondibereka sadziwa kuwerenga koma amabisa, ndazindikira ndili wamkulu kale. Ukawapatsa pepala amati aiwala magalasi, kapena amati werenga iweyo maso akundivuta. Ndamva kuti ku laibulale amaphunzitsa akuluakulu kuwerenga koma ndiwayamba bwanji osawachititsa manyazi? Ndi munthu wolemekezeka kwambiri. Mwana wodandaula.

YANKHO: Kalata yanu yandikhudza, ndipo mwachita bwino kuyamba mwafunsa musanawalankhule. Choyamba dziwani kuti bambo anu sali okha, UNESCO imati padziko lonse akuluakulu osadziwa kuwerenga ndi kulemba alipo oposa 700 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu anzeru zedi amene alera ana, ayendetsa mabizinesi, akusunga manambala ndi mayina mmutu kuposa ife odalira kulemba. Za magalasizo ndi njira imene anthu ambiri otere amadzitetezera, ena amati dzanja likupweteka ndilembereni, ena amatenga fomu nkunena kuti ndikadzazira kunyumba. Munthu akabisa chinthu zaka zonsezo ndiye kuti chimamuwawa, nde chonde musayambitse nkhaniyi pali anthu, olo akhale amayi anu kapena abale anu, ndipo musawayese mwadala powapatsa pepala kuti muwagwire.

Yambani inuyo kupita ku laibulaleko nokha. Kafunseni ngati ali ndi pulogalamu ya munthu mmodzi ndi mphunzitsi mmodzi, chifukwa kwa munthu ngati bambo anu gulu litha kuwawopsa poyamba. Funsani kuti amaphunzirira pati, chipinda chotseka kapena pa tebulo la pakati pomwe aliyense wodutsa akuona. Ndipo pemphani muone mabuku amene amagwiritsa ntchito, apa ndiye ndimalimbikira kwambiri, chifukwa palibe chimene chimathamangitsa munthu wamkulu msanga kuposa kumupatsa buku la ana aang'ono la zithunzi za tiana tikusewera. Mphunzitsi wina wa ku Brazil, Paulo Freire, anaonetsa zimenezi mu 1963 ku tauni ya Angicos komwe akuluakulu pafupifupi 300 anaphunzira kuwerenga pa maola ngati 40 okha a maphunziro, ndipo njira yake inali yoti ophunzitsa ayambe akhala ndi anthuwo, amve mawu amene amalankhula tsiku ndi tsiku pa ntchito ndi pakhomo, nkuyambira pa mawu amenewo. Munthu akaona mawu a ntchito yake atalembedwa amawagwira msanga chifukwa tanthauzo akulidziwa kale, chatsala ndi zilembo zokha. Nde laibulale yabwino idzafunsa bambo anu kuti mukufuna muziwerenga chani, kaya ndi malangizo a pa botolo la mankhwala, kaya meseji ya pa foni, kaya buku la mapemphero, kaya kungosaina dzina lawo mmalo modinda chala.

Powalankhula, musayambe ndi mawu oti ndadziwa. Mutha kunena kuti bambo, ku laibulale kuli munthu amathandiza akuluakulu zowerenga ndi za mafoni, payekhapayekha, ine ndikufuna tidzapitire limodzi tikangoona. Akakana musawaumirize, asiyeni, mudzayambenso nthawi ina. Ena amafuna kuti awaphunzitse mwana wawo yemwe, ena ndiye ayi amamasuka kwa mlendo amene sadzakumana naye pakhomo, nde asankhe okha. Ngati asankha inuyo musaope kuti simunaphunzire zauphunzitsi, njira ya mmishonale wina wa ku America, Frank Laubach, imene inayambira ku Philippines cha m'ma 1930 inafalikira maiko ambiri ndi mfundo yomweyi yoti amene wadziwa aphunzitse mnzake mmodzi, ndipo a laibulale atha kukubwerekani mabuku oyenera. Komanso kuchipatala cha maso apite ndithu, nthawi zina mavuto awiriwa amakhalapo onse.

FUNSO: Anzanga akundiitanira ku kalabu yowerenga mabuku koma ine ndimawerenga pang'onopang'ono, buku limodzi limanditengera miyezi. Sakandifunsa mafunso ngati mayeso? Bambo wopuma pantchito.

YANKHO: Bambo, kulibe mayeso kumeneko. Gulu limagwirizana buku limodzi, kawirikawiri pamwezi, laibulale imayesetsa kupeza makope okwanira, tsiku lokumana anthu amakhala mozungulira nkumacheza za bukulo, ndani wakukwiyitsani m'nkhaniyi, mukanakhala inu mukanatani, basi. Amene sanamalize amabwera ndithu ndipo amalankhula za pomwe afika, vuto lake nlakuti anzanu akuululirani mathero. Ndipo ine ndimaona kuti owerenga modekha ngati inu ndi amene amabweretsa mfundo zakupsa chifukwa amaona tinthu timene othamanga anadumpha. Mu 1998 laibulale ya mumzinda wa Seattle ku America, kudzera mwa Nancy Pearl amene ankagwira ntchito kumeneko, inapempha anthu a mumzinda wonse kuti awerenge buku limodzi nthawi imodzi nkumakambirana, ndipo mizinda yambiri inatengera, chifukwa chokoma chenicheni ndi kupeza munthu woti ukambe naye zimene wawerenga. Ngati buku lalitali likukulemerani funsani ngati lilipo lomvetsera kapena la zilembo zikuluzikulu, ndipo magulu ena amangowerenga nkhani yaifupi kapena ndakatulo mokweza pomwepo, osafuna kukonzekera kunyumba.

FUNSO: Ine ndimathandiza mongodzipereka pa laibulale yaing'ono. Tinakonza zokambirana za akuluakulu, tinamata mapepala pakhomo, tinasesa nkuyala mipando, koma kunabwera anthu owerengeka, ndinagwa ulesi kwambiri. Akuluakulu safuna kuphunzira kapena talakwitsa pati? Wodzipereka.

YANKHO: Musagwe ulesi achimwene, ndipo musawaweruze anthuwo. Pepala lomata pakhomo la laibulale amaliona ndi amene amabwera kale, pomwe inu mukufuna aja sanapondepo phazi. Munthu wamkulu amapita kumene waitanidwa ndi munthu amene amamudziwa, nde uthenga upite pakamwa, m'magulu a WhatsApp, kumalo kumene anthu amasonkhana kale, ndipo aliyense wa owerengeka anabwera aja mumupemphe adzabwere ndi mnzake mmodzi. Nthawi muionenso, ogwira ntchito masana sangabwere 10 koloko mmawa, ndipo mayi wa mwana wamng'ono sabwera ngati sakudziwa kuti mwanayo akamusiya pati, ena amathetsa izi poika nthano za ana ola lomwelo m'chipinda china.

Koma ine ndikukayikira kwambiri mutu wa zokambiranazo. Munasankha nokha kapena munafunsa anthu? Mutu ngati kufunika kwa kuwerenga sudzutsa munthu pampando, koma mukalemba kuti bwerani ndi CV yanu tiikonzere limodzi, kapena bwerani ndi foni yanu tikuonetseni kutseka manambala a akuba, munthu akudziwa chimene abwerere nacho kunyumba. Pa desiki ikani kope, aliyense wobwera kudzafunsa chinthu muzilemba chimene wafunsa, pakatha mwezi muona mafunso amene akubwerezedwa ndipo pulogalamu yanu ichokere pamenepo.

Pali njira ziwiri zimene ndimazikonda chifukwa sizifuna ndalama zambiri ndipo zimalemekeza zimene akuluakulu akudziwa kale. Ina ndi Repair Café imene mayi wina, Martine Postma, anayambitsa mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands mu 2009, anthu amabwera ndi zinthu zowonongeka, wailesi, chovala chong'ambika, njinga, nkukhala pansi ndi odziwa kukonza, mwini chinthu akugwira nawo kuti aphunzire, ndipo masiku ano malaibulale ambiri amachititsa zimenezi. Apa mkulu uja amene sangabwere kudzamvera zokamba za wina amabwera mosangalala chifukwa mwamuitana ngati katswiri. Inayo ndi Human Library imene inayamba ku Denmark mu 2000, mmalo mobwereka buku umabwereka munthu kwa mphindi zingapo, munthu amene anthu amakonda kumuweruza asanamudziwe, monga wolumala, wothawa kwawo kapena amene anakhalapo kundende, ndipo umamufunsa mafunso mwaulemu iye nkumayankha zimene wafuna kuyankha. Imeneyi imafuna kukonzekera bwino, ofotokoza moyo wawowo akhale odzipereka okha, muwauze kuti ali ndi ufulu wokana funso kapena kuimitsa machezawo, ndipo wa laibulale azikhala pafupi.

Chilichonse mungasankhe, chiikeni tsiku lokhazikika, mwachitsanzo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ola lomwelomwelo, ndipo muchite kwa miyezi ingapo musanaweruze kuti chakanika, olo kubwere anthu atatu yambani pa nthawi yake ndipo muwatenge manambala kuti mudzawakumbutse kutatsala tsiku limodzi.