Chizungulire chochokera m'khosi: chilipodi kapena ndi dzina chabe?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti kwa miyezi inayi amamva chizungulire akatembenuka pabedi kapena akayang'ana m'mwamba, ndipo khosi limawauma. Atajambulidwa X-ray anauzidwa kuti mafupa a m'khosi aperepeseka, vuto ndi limenelo. Dokotala wina wawauza kuti chizungulire cha m'khosi kulibe. Akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, mkangano umene mwagweramowu ndi wakale. Dzina loti cervical vertigo, kutanthauza chizungulire cha m'khosi, analiyambitsa ndi ofufuza awiri, Ryan ndi Cope, mu 1955, ndipo mpaka lero akatswiri sanamvane.

Amene amati khosi limachititsa chizungulire ali ndi poyambira. Ubongo umadziwa mmene mutu wakhalira kudzera m'maso, m'khutu lamkati, komanso m'timinofu ta kuseri kwa khosi, pansi penipeni pa chigaza, timene timamva msanga tikakokeka ngakhale pang'ono. Mu 1977 ofufuza anabaya anthu mankhwala ochititsa dzanzi mbali imodzi ya khosi, ndipo anthuwo anayamba kudzandira, akumva ngati akupendekera mbali imodzi. Ndiye kuti uthenga wa m'khosi ukasokonekera, kuyenda kumasokonekeranso.

Otsutsa amati palibe njira yoyezera imene imatsimikizira matendawa. Mu 2022 bungwe la Bárány Society, la akatswiri a matenda a chizungulire, linanena kuti umboni woti khosi limachititsa munthu kuona zinthu zikuzungulira ndi wosakwanira, ndipo silinakhazikitse mfundo zodziwira matendawa. Chovuta n'chakuti mukatembenuza khosi mutu umatembenukanso, ndipo khutu lamkati lili m'mutu momwemo. Wodwala amaloza khosi chifukwa ndi limene likupweteka.

Koma za X-ray zija zimandinyansa, ndinene poyera. Jambulani anthu opitirira zaka 60 amene sadandaula kalikonse, ambiri mudzawapeza ndi mafupa a m'khosi operepeseka. Ndi ukalamba, ngati imvi. Kuloza chithunzicho n'kunena kuti nachi chifukwa, munthu osamuyeza pomugoneka n'kuona ngati maso akugwedezeka, ndi ulesi. Kenako munthu amavekedwa kolala, khosi n'kuumiratu, amapatsidwa mankhwala a chizungulire monga prochlorperazine kapena cinnarizine kwa miyezi, chonsecho mankhwala otere ndi a masiku ochepa, akapitirira amachedwetsa ubongo kuzolowera. Komanso munthu wachizungulire amaumitsa yekha khosi poopa kugwedeza mutu, choncho kawirikawiri kupweteka kwa khosi kumabwera pambuyo pa chizungulirecho.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi BPPV, chizungulire chochokera m'khutu lamkati chimene chimabwera mutu ukasintha kakhalidwe. M'khutu lamkati muli timiyala ta kashiamu, tikagumuka pamalo pake timalowa m'kachubu kopindika, makamaka kakumbuyo. Mukatembenuka timagubuduka, chipinda n'kuzungulira kwa masekondi osakwana 60, kenako n'kusiya. Chizungulire chimene amati n'cha m'khosi chimafotokozedwa mosiyana: kumva mutu kupepuka, kusakhazikika poyenda, kwa mphindi zambiri kapena maola, kumakula khosi likamapweteka n'kuchepa khosi likapola, nthawi zambiri pambuyo pa ngozi ya galimoto imene inakutumula khosi. Palinso mutu waching'alang'ala, umene umabweretsa chizungulire cha mphindi 5 mpaka maola 72, nthawi zina mutu osapweteka n'komwe, ndipo nawo umaumitsa khosi. Ambiri otchulidwa kuti ndi a khosi ali m'gulu limeneli.

Ine mbali yanga ndi iyi: khosi likhoza kudzandiritsa munthu, koma dzinali lizibwera pomaliza, zina zonse zitayezedwa.

Zoti mukapemphe

Choyamba, kuyeza kwa Dix-Hallpike. Mumakhala pabedi, dokotala amatembenuzira mutu wanu mbali imodzi madigiri 45, n'kukugonekani chagada mofulumira, mutu utalendewera pang'ono kumapeto kwa bedi, n'kumayang'ana maso anu kwa masekondi 30 kapena kuposa. Maso akayamba kugwedezeka patapita masekondi ochepa, ndi BPPV, ndipo njira ya Epley, yotembenuza mutu mwadongosolo, imabwezera timiyalato, pena tsiku lomwelo. Ayeze mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, BP iyezedwe mutagona, kenako mutaimirira mkati mwa mphindi 3. Nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20 kapena yam'munsi ndi 10, vuto lili pamenepo. Chachitatu, kuyeza kwa pampando wozungulira: wina amagwira mutu wanu kuti usasunthe, thupi lokha n'kumatembenuzidwa. Khutu silinasunthe, ndiye chizungulire chikabwera khosi likukayikiridwa, ngakhale kuyezaku sikutsimikiza kotheratu.

Zonsezi zikaloza khosi, pitani kwa a mafizo: kusuntha mfundo za khosi mofatsa, kulimbitsa minofu yakutsogolo kwa khosi, ndi masewera oyang'anitsitsa chinthu chimodzi mukutembenuza mutu. Musalole aliyense kukupotokolani khosi mwamphamvu mpaka kulira. Mitsempha iwiri yopita nawo magazi kumbuyo kwa ubongo imadutsa m'mafupa omwewo, ndipo ngakhale sizichitika kawirikawiri, umodzi ukang'ambika mkati umabweretsa sitiroko.

Chizungulire chikabwera ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kulephera kumeza, dzanzi kumaso kapena mkono, kulephera kuimirira, kapena kupweteka kwatsopano koopsa kuseri kwa mutu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.