Kodi a Al-Shabaab a ku Cabo Delgado anachokera kuti?

Mayi wina wa ku Mangochi wandilembera imelo. Akufunsa kuti nkhondo ikumveka kumpoto kwa Mozambique ija inayamba bwanji, ndipo kodi ndi Asilamu akumenyana ndi Akhristu, chifukwa pamsika anthu akuyankhula zambiri.

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo: ayi. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ya mchere imene yawotchedwa kwambiri ndi ya Asilamu. Ndipotu amene anayamba kudandaula kuboma mfuti isanalire anali mashehe. Iwo ankaona anyamata akulowa mumzikiti nsapato zili kuphazi, akunyoza akuluakulu kuti sadziwa chipembedzo, akuletsa makolo kutumiza ana kusukulu za boma. Boma silinalabadire.

Mfuti yoyamba inalira pa 5 Okutobala 2017, anyamatawo ataukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko amawatcha Al-Shabaab, kutanthauza achinyamata m'Chiarabu, koma musawasokoneze ndi gulu la ku Somalia la dzina lomweli lija. Chiphunzitso chawo chinatsikira kuchokera ku Kenya ndi Tanzania, makamaka maulaliki ojambulidwa a Aboud Rogo, shehe wa ku Mombasa amene anawomberedwa mu 2012.

Koma ulaliki pawokha sukanakwanitsa kusonkhanitsa anyamata ochuluka chonchija. Apa ndi pamene ine ndimaona muzu weniweni. Cabo Delgado ndi chigawo cholemera pansi koma chosauka pamwamba. Mu 2009 kunapezeka miyala ya ruby ku Montepuez, mu 2010 kunapezeka gasi wochuluka m'nyanja kufupi ndi Palma. Mnyamata wosalembedwa ntchito ankangoona magalimoto a alendo akudutsa, fumbi lokha n'kumusiyira. Amene ankadzikumbira miyala ndi pikisi ndi fosholo anathamangitsidwa mwankhanza kumayambiriro kwa 2017, chaka chomwecho nkhondo inabuka. Onjezaninso madandaulo akale a Amwani a m'mphepete mwa nyanja, oti maudindo ndi mabizinesi zimangopita kwa Amakonde, mtundu wa Filipe Nyusi yemwe anali pulezidenti nthawiyo. Munthu wotere akabwera wina n'kumupatsa ndalama yoyambira geni, mfuti, ndi chifukwa chodana ndi boma, savuta kukopa.

Sindikuwayeretsa ayi. Mu Epulo 2020 ku Xitaxi anapha anyamata 52 chifukwa chokana kulowa gulu lawo. Mu Novembala chaka chomwecho ku Muatide anadula anthu mitu pabwalo la mpira, pamalo pomwe ana ankasewerera. Apa n'kuti gulu la Islamic State litayamba kale, kuyambira mu 2019, kunena kuti anyamatawa ndi ake.

Boma la Maputo poyamba linkati ndi mbava wamba. Zitavuta linaitana asilikali aganyu a Wagner a ku Russia mu 2019, omwe sanachedwe kubwerera ataluza anzawo m'tchire, kenako kampani ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa ndi mahelikopita ake. Sizinathandize. Mu Ogasiti 2020 doko la Mocímboa linagwa, ndipo zigawengazo zinakhalamo chaka chathunthu. Dziko lonse linadzidzimuka pa 24 Malichi 2021 pamene Palma inaukiridwa, anthu n'kubisala muhotela ya Amarula, ndipo kampani ya Total inaimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni ku Afungi, kufupi ndi tauniyo. Taonani kuti asilikali akunja anathamangira gasi atakhudzidwa, pomwe anthu anali atafa kwa zaka zoposa zitatu.

Mu Julayi 2021 Rwanda inatumiza asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000, ndipo mwezi wotsatira analanda Mocímboa. SADC nayo inatumiza gulu lake la asilikali lotchedwa SAMIM, ndipo msonkhano wa atsogoleri umene unaliwonjezera nthawi mu Januwale 2022 unachitikira ku Lilongwe konkuno. Mtsogoleri wa zigawengazo, Bonomade Machude Omar, anaphedwa mu Ogasiti 2023. Komabe mu Meyi 2024 zigawengazo zinalowanso m'tauni ya Macomia, ndipo mu Julayi asilikali a SADC anachoka, a Rwanda n'kutsala. Anthu oposa miliyoni imodzi athawapo m'nyumba zawo chiyambire nkhondoyi.

Mwina nkhawa yanu ndi yoti kodi ili pafupi bwanji. Mocímboa ili kutali ndi inu, cha kumalire a Tanzania. Koma kumapeto kwa 2021 zigawengazo zinafika m'boma la Mecula ku Niassa, ndipo Niassa ndi chigawo chomwe chija mumalowa mukangodutsa pa Chiponde.