Azakhali, za usipa ndi mwezi zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu uja, woti mayi wa usipa kumsika wakweza mtengo n'kumati walakwa ndi mwezi, ndiye mukufunsa ngati sakukupusitsani. Ayi, pamenepo wanena zoona, ngakhale ena amangopezerapo mwayi.

Paja usipa amapha usiku ndi ukonde waukulu wotchedwa chilimira. Siginala, msodzi wokopa usipayo, amakhala m'bwato mwake ndi nyali, kale zinali za parafini zija, pano ambiri ndi mababu a batire. Usipa umathamangira kuwalako, asodzi anzake n'kuzinga ndi ukonde. Tsono mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imangoti mbee, usipa umamwazikana, nyali ija siikoka kanthu. Ku Senga Bay kapena ku Msaka masiku amenewo asodzi ambiri amangosoka maukonde, ena amapita kwawo kukaona ana.

Mwezitu ulibe kuwala kwakekwake, umawala chifukwa dzuwa likuuwomba. Ukakhala mbali imodzi ndi dzuwa, kowalako kumaloza kwina, ife timangoona mdima, ndi pomwe timati mwezi wafa. Pakapita tsiku kapena awiri kamaoneka kochepa ngati chikwakwa kumadzulo dzuwa litangolowa, agogo aja n'kumati mwezi wakhala. Kamakula pang'onopang'ono, patatha pafupifupi masabata awiri dziko lathuli limakhala pakati, dzuwa uku mwezi uku. Dzuwa likulowa, iwo ukutuluka kum'mawa wathunthu, n'kuwala mpaka mbandakucha. Kuchokera pa kufa mpaka kufanso ndi masiku 29 ndi theka.

Eee, chomwe chikukhudza ndiwo zanu ndi ichi. Ukangodutsa pa uthunthu, mwezi umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Inu muyesere, muziyang'ana nthawi mukamatsuka mbale madzulo. Pakatha sabata umatuluka cha pakati pa usiku, ndiye asodzi amakhala ndi maola angapo amdima oti ayatse nyali. Muwonjezerepo masiku oti usipawo uume pa thandala ndi kukwera galimoto kufika m'tauni.

Ndiye ine ndikanakhala inu, sabata ino ndikanangogula ka mulu kamodzi, chidebe ndikanadikira mwezi ulowe mumdima. Koma mwera ukawomba, makamaka June ndi July, mabwato satuluka ngakhale kuli mdima bii, pamenepo musamudzudzule mayi uja.

Mukagula chidebecho mundisungireko pang'ono, kuno tatopa ndi soya. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.