Kwa msuweni, za akaunti ya ku sitolo ija

Eee, msuweni, ndakumva. Pepa kuchedwa, ndinali mu taxi ya ku Bree, phokoso lake sukanamva kanthu. Ndiyankhira pagulu pomwe pano poti wafunsira pagulu, enanso amve.

Ndiye wati sitolo ina ku mall ikulengeza kuti pa Black Friday, tsiku lotsitsa mitengo la mu Novembala lija, munthu akatsegula akaunti yogulira pangongole n'kugula ndi khadi lawo salipira VAT, ukufunsa ngati ndi zoona. Komanso wati munthu akachedwa kulipira, chindapusa chake ndi zingati. Kenako wamaliza ndi mawu akuti, "asisi inu mumazidziwa izi, pajatu muli ndi ID." Hmm. Mawu omalizawo ndawamva bwinobwino, usaganize kuti andidutsa. Tibwererako.

Za VAT zo n'zachidule. Palibe sitolo imene ingakhululukire munthu msonkho wa boma, a SARS, otolera misonkho kuno ku South Africa, amatenga yawo basi. Chimene amachita n'kutsitsa mtengo ndi ndalama yofanana ndi msonkhowo. VAT kuno ndi 15 peresenti, kuyambira mu Epulo 2018, kale inali 14. Koma usawerengere kuti akuchotsera 15 pa mtengo uli pa shelefu, ayi. Msonkhowo uli kale m'kati mwa mtengomo, ndiye chotsikacho chimakhala ngati 13. TV ya R4,600, pajatu ndi TV ukufuna, usandinamize, unayamba kuitchula nthawi yozizira ija... TV ya R4,600 ifika pa R4,000. Wapulumutsa R600. Ndi ndalama ndithu, sindikukana.

Koma dikira. Amalume ako aang'ono, bambo anga aang'ono aja, ukukumbuka zimene zinawachitikira? Iwe unali wamng'ono, unali ukadali ku pulayimale, masiku amene unkathawa sukulu kukasaka mbewa aja. Chinali chaka cha World Cup, 2010. Ayi, kugulako kunali chaka chimenecho, mavutowo anabwera pambuyo pake. Nthawi imeneyo amalume ako anali atapeza ntchito yokhazikika ku Kempton Park, mapepala awo ali bwino, payslip ikutuluka mwezi ndi mwezi. Ndiye kunabwera alamu aja, ukuwadziwa, sindiwatchula, ana awo ali pagulu pano ndipo anawo sanalakwe chilichonse. Anabwera ndi nkhani yokoma: achimwene, ine ku sitolo akundikana poti ndili ndi pasipoti yokha, inu mungosayina, ndalama ndizikupatsani pa 25 paliponse. Firiji yazitseko ziwiri ndi wailesi ya masipika akuluakulu. Amalume ako, mtima wawo umaudziwa, munthu woti akhoza kuvula jekete pa msewu n'kupatsa munthu wosamudziwa. Anasayina.

Katundu anakwera basi ku Park Station, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, mpaka pa Mwanza, pamenepo a MRA anafunanso yawo, ndipo amene anatumiza ndalama ya pa Mwanzapo ndi amalume ako omwewo. Kumudzi kunali chikondwerero, anthu kubwera kudzaona firiji. Magetsi a ESCOM anali asanafike n'komwe mbali ija! Azakhali ankasungamo shuga ndi mbale za alendo, funsa amayi ako akuuza.

Miyezi yoyambirira alamu analipiradi. Kenako kunagwa maliro aja, anapita kumudzi, sanabwererenso. Foni osayankha. Ndiye amalume ako anali atasamuka nyumba, makalata a ku sitolo ankapita ku adiresi yakale, iwo osadziwa kuti kumbuyoku ngongole ikukula. Anadzadziwa pamene anthu otolera ngongole anayamba kuimba ku ntchito. Ku ntchito, msuweni, bwana akumva. Nkhani inafika kukhoti, ndalama n'kuyamba kudulidwa pa malipiro asanaione n'komwe. Ine ndinkakhala nawo nthawi imeneyo, ndikugona pabalaza. Ndinkawaona usiku atayala mapepala patebulo, akuwerengera ndi pensulo, akufufuta, akuwerengeranso. Munthu wamkulu ngati uja. Atafuna kuchita lendi flat kuti amayi aang'ono abwere ndi ana, eni nyumba anayang'ana dzina lawo ku credit bureau, kumene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, n'kuwakana. Ndipo chiliza cha agogo chija, anthu mpaka lero amanena kuti sanabwere chifukwa chonyada, kuti Joni inawameza. Si zoona zimenezo, ndipo zimandipweteka ndikamazimva. Analibe ya basi. Firiji imene sanamwepo ngakhale madzi ake ndi imene inadya ulendowo.

Aaa, ndapita kutali. Wafunsa za chindapusa eti.

Mvetsera, kuno si kuti pali ndalama imodzi yoti ndingakuuze kuti ukachedwa ulipira yakutiyakuti basi. Zimabwera zounjikana. Usanachedwe n'komwe, akaunti ili kale ndi zake: pali ndalama yotsegulira, pali ya mwezi ndi mwezi yongosungira akauntiyo, imene lamulo limalola mpaka R60, kuika VAT ndi R69. Ena amatenga yocheperapo, koma ikakhala yonseyo, pachaka ndi R828. Waona? R600 yako ija yapita kale, n'kupitirira. Nthawi zambiri amaikaponso inshuwalansi. Chiwongola dzanja pa makhadi amenewa chimaloledwa kufika pa repo rate, chiwongola dzanja chimene Reserve Bank imakhazikitsa, kuwonjezera 14, ndiye kuti kupitirira 20 peresenti pachaka. Masitolo ena ali ndi dongosolo la miyezi 6 lopanda chiwongola dzanja, limenelo n'labwino kwa munthu wosaphonya, koma ukangophonya, chiwongola dzanja chimadzuka. Debit order, ija sitolo imadula yokha ndalama ku banki, ikabwerera poti mu akaunti ya kubanki mulibe kanthu, banki nayonso ikudula yake. Kenako ndalama za makalata okukumbutsa, za otolera ngongole, za maloya, zonse pamutu pa mwini dzina.

Lamulo lake ndi National Credit Act, la 2005, ndipo limatetezako ndithu. Asanakutengere kukhoti ayenera kukutumizira kalata, amaitcha section 129, ndipo uyenera kukhala utaphonya masiku 20 a ntchito. Komanso zowonjezera zimene zaunjikana pamene ukulephera kulipira, kupatula za maloya nkhani ikafika kukhoti, siziloledwa kuposa ngongole imene inatsala pa nthawi imene unasiya. Koma taganiza, ndiye kuti R4,000 ikhoza kusanduka R8,000 lamulo lili chete. Ndipo kalatayo imapita ku adiresi imene unalembetsa, ngati wasamuka osawauza ndi zako, za amalume ako zija. Amene muli ndi maakaunti pagulu pano, kamodzi pachaka muli ndi ufulu woona lipoti la dzina lanu ulere ku credit bureau ngati TransUnion kapena Experian, muzikaona. Alamu a ku Pretoria, ndikunena inu, ndikudziwa mukumvetsera mwakachetechete.

Tsopano msuweni... iwe ndi ine takulira mbale imodzi, sindingakuzungulire. Munthu amene akufunsa za chindapusa cha kuchedwa asanagule n'komwe, ndiye kuti mumtima mwake akudziwa kale kuti Januwale adzavuta. Ku restaurant kwanuko Januwale mashifiti amachepa, iwe ukhala utangobwera kumudzi, matumba ali mbee, lendi ikudikira. Ndipo funso lako lenileni silinali la VAT. Umafuna ndinene ndekha kuti bwera, nditsegula m'dzina langa, uzindipatsa pamwezi. Ayi, m'bale wanga. Sinditsegula.

Usakwiye, ndikukuona kale watupa masaya ngati tsiku limene anakulanda njinga lija. Sindikunena kuti ndiwe wakuba, ndikudziwa kuti ukufuna amayi ako asiye kukaonera ulaliki kwa aneba, ndipo zimenezo n'zabwino, azakhali anavutika nanu kwambiri. Alamu aja nawonso sanabwere ndi mtima wakuba, anali ndi cholinga cholipira, zinthu zinangotembenuka. Koma sitolo siidziwa za maliro, imadziwa amene anasayina. Ine chaka chamawa ndikufuna kusamukira nyumba ya zipinda ziwiri kuti mtsikana wanga asamagone kukhitchini, ndipo eni nyumba adzayang'ana dzina langa. Ndiye dzina langa pa khadi la sitolo chifukwa cha TV, ayi, silipitapo.

Chimene ndingachite ndi ichi. Loweruka ndaweruka masana, tikumane m'tauni tikafunse lay-by. Umapereka kandalama koyamba, katundu amakusungira, umalipira pang'onopang'ono, palibe chiwongola dzanja, ndipo ukalephera amakubwezera ndalama zako, chodula chake sichipitirira 1 peresenti ya mtengo. Mwina pa lay-by akana mtengo wa Black Friday uja, tikamva komweko. Ya poyambira ndiika ine, R500, imeneyo ndi mphatso kwa azakhali, sindidzaifunsa. Inde, ndikudziwa, ndiye kuti TV siikwera nawe basi ya Disembala, ipita pa Isitala ndi aliyense amene adzapite. Ukafika kumudzi ndi shuga, mafuta ndi nsapato za ana, palibe amene adzakuthamangitse. Ndipo uyambiretu kusunga ya pa Mwanza, musadzaimbirenso munthu usiku muli pa boda.

Amayi ako ndiwaimbira ndekha madzulo ano kuwafotokozera, iwe usadandaule za kumeneko. Koma za akaunti m'dzina langa zo tatseka, usatumenso mkazi wako kuti adzandinyengerere ndi mandasi. Loweruka ubwere ndi pasipoti, ndipo undiuze ngati 2 koloko ili bwino, data yanga ikutha.